Khutu la a Matewere

Amuna anga, a Hector Matewere, anagwira ntchito pansi pa mgodi ku Kitwe zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ntchito yawo inali yomvetsera miyala. Musaseke, imeneyo ndi ntchito ndithu. Anthu akaphulitsa thanthwe, woyamba kulowa utsi ukatha anali iwo, atanyamula chitsulo chachitali chimene amigodi amati mgwala. Ankagogoda denga malo ndi malo, khutu lili tcheru. Mwala wolimba umalira ngwee, koma umene wayamba kulekana ndi unzake umalira phu, ngati mtsuko wamng'alu. Akamva phu ameneyo ankalowetsa mgwala n'kuugwetsa mwalawo anthu asanalowe kukatapa kopa, mkuwa uja. Zaka zonsezo palibe munthu amene anapsinjidwa pamalo pamene iwo anagogoda. Nkhani imeneyi ndinaimva pakudya, ndinaimva kutchalitchi, ndinaimva pamaliro a anthu ena, mpaka ndinafika pomaimaliza ndekha iwo akangoiyamba.

Atapuma ntchito mu 1965, mgodi unawapatsa wotchi yapamkono n'kutilanda kiyi wa nyumba. Zinkatero basi: nyumba ndi ya munthu amene atsike pansi mawa. Anzathu ankati bwererani kwanu, pajatu kwanunso mwalandira ufulu. Kwathu kuti? Ku Domasi tinachokako ndili ndi pakati poyamba, ndipo amene akanatilandira onse anali atagona kale kumanda. Choncho tinamanga mitolo n'kupita ku Kwacha, komboni ya ku Kitwe komweko, kwa mwana wathu Lily.

Nyumba ya Lily inali ya zipinda ziwiri, muli ana anayi ndi mwamuna wake Anock, wa ku Katete. Anock sanatilakwire kanthu, ndipo n'chimene chinkandiwawa kwambiri, chifukwa ndinalibe womukwiyira. Kwawo ndi kwathu mwambo ndi umodzi: mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, sapanikizana pakhomo. Kumudzi zimenezi n'zosavuta, bwalo ndi lalikulu. Nanga m'zipinda ziwiri? Iye akamalowa, ine ndinkatulukira kuseri n'kukaima pafupi ndi chimbudzi mpaka atasintha zovala. Ine ndikakhala pakhonde, iye ankazungulira nyumba yake yomwe ngati wakuba. Tinkagona pansi m'chipinda chochezera pamodzi ndi adzukulu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapinda mphasa mothamanga kuti mwini nyumba asaone pamene apongozi ake agona. Miyezi khumi ndi inayi! Ndinaonda ndi manyazi, chakudya chilipo.

Amene anatichotsa kumeneko ndi a Manasseh Njobvu. Anali kalaliki pa ofesi ya mgodi nthawi ya amuna anga, koma ufulu utabwera anapeza ntchito yapamwamba ku Ndola, n'kukalowa ku Itawa m'nyumba imene kale munkakhala mzungu. Anafika Loweruka lina pa kagalimoto kawo, nati pali ntchito ya ulonda, ndipo ili ndi nyumba yake. Zina zonse zimene ananena ine sindinazimve. Ndinangomva nyumba.

Malowo ankatchedwa Pamabwe, kamtunda pang'ono kuchokera pamsewu wa pakati pa Ndola ndi Kitwe. Ndi kaphiri ka miyala yofiirira, ina yaikulu ngati nyumba, yomwazikana pakati pa mitengo ya mombo ndi masuku. Mwini famu anapereka malowo kwa kalabu ina ya anthu okwera miyala, pa pangano loti aziwasamala: moto usalowe, mtengo usadulidwe, mbira za m'mapanga zisasakidwe. Ambiri a m'kalabumo anali azungu a m'migodi. A Manasseh anali munthu wakuda woyamba kulowamo, ndipo chaka chimenecho anawasankha kukhala mlembi.

Masewera awowo ndinawaona ndi maso angawa, koma mpaka lero sindiwamvetsa. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, ankabwera Loweruka ndi Lamlungu atavala nsapato zamphira, n'kumakakamira pamwala ngati abuluzi, opanda chingwe, opanda makwerero. Kuseri kwa mwala womwewo kuli njira yoti ngakhale ine ndingakwere nditasenza ndowa, koma ayi, iwo ankafuna mbali yovutayo. Akagwa ankagwera pamchenga, n'kudzuka, n'kupukuta m'manja, n'kuyambiranso. Wina akafika pamwamba, anzake ankakuwa ngati wapha mkango, iye n'kutsika chimanjamanja mmene anakwerera.

Koma nyumba inalipodi. Chipinda chimodzi ndi khitchini, ya njerwa, ya malata, chitseko chake cha loko. Tsiku loyamba ndinatseka ndi kutsegula chitsekocho kangapo popanda chifukwa chilichonse. Ndinalima dimba kumunsi kwa kasupe, ndinabzala mpiru ndi tomato, ndinaweta nkhuku. Madzulo ndinkakhala pakhonde nditatambasula miyendo, osaopa kuti wina atulukira pakona.

Ntchito ya amuna anga sinali yolemetsa. Ankalambula mzere wotchinga moto, ankathamangitsa owotcha makala, ankasalaza mchenga pansi pa miyala kuti wogwa asagwere pachitsa. Mvula ikagwa ankatseka geti, chifukwa miyala ya Pamabwe ndi ya mchenga woumbika: ikanyowa imafewa n'kumanyenyeka m'manja, ndiye kukwera kunali koletsedwa mpaka padutse masiku awiri a dzuwa. Ngakhale potsuka malo ogwirapo, lamulo linali burashi yofewa basi. Zonsezi a Manasseh anazifotokoza bwinobwino tsiku loyamba. Analakwitsa pamapeto, pamene anati: “Chachikulu, a Matewere, muziona kuti malo ano ali bwino, munthu asapweteke.” Mawu amenewo sauzidwa munthu amene wagona ndi mgwala kunsi kwa bedi.

Lolemba m'mawa amuna anga anatulutsa mgwalawo, n'kuyamba kuzungulira. Ine ndinkangomva go, go, go ndili kudimba, ndipo ndinkayamika Mulungu kuti bambo apeza chochita. Pofika Lachisanu anali atasenda miyala itatu. Kachibenthu kalikonse kotulukira kunja, kamphuno kalikonse, anagwetsa n'kuunjika pambali mwaudongo. Loweruka eni ake anafika. Mayi wina wachizungu, mphunzitsi, dzina lake Gwen, anatola chibenthu chofanana ndi mbale n'kukhala nacho pamchenga akulira misozi yeniyeni. Ine ndinayesa walandira uthenga wa maliro.

“A Matewere, mwachita chiyani?” anafunsa a Manasseh.

“Ndakonza, mukwai,” anatero amuna anga mwaulemu, nkhope ili ngwee. “Zogwedera zonse ndachotsa. Tsopano ngakhale mwana angagone pansi pake.”

“Zimene mwachotsazo ndiye zogwira zathu! Manje tikwera bwanji pamwala wosalala?”

“Munthu akagwira chinthu cholira phu wagwira imfa yake. Inu munali mu ofesi, simungadziwe.”

“Bambo, kuno si kumgodi. Kumgodi mwala ndi mdani. Kuno mwala ndiye tikuusunga.”

Amuna anga anawayang'ana ngati akulankhula za misala. Kusunga mwala? Mwala umene sudya, suzizidwa?

Komiti ya kalabu inafuna kutichotsa sabata yomweyo. A Manasseh anatiimirira okha. Anawauza azunguwo kuti cholakwa ndi chawo posafotokoza bwino, ndipo anaika dzina lawo pachikole. Pobwera kudzatiuza anakhala pampando wathu umodzi womwewo, chipewa chili pabondo, nati: “Akukhululukirani. Koma chitsulo chisakhudzenso mwala. Chikakhudza, kiyi abwezedwa tsiku lomwelo.” Amuna anga, amene anali mkulu wa mpingo, analonjeza. Ine sindinadalire lonjezo lokha. Ndinatenga mgwala uja n'kuuponya pamwamba pa mitanda ya denga la khitchini, ndipo ndinaunjikapo matumba akale.

Chaka chinatha bwino. Moto sunalowe, mbira zinaswana mpaka zinayamba kundidyera mpiru, ndipo nkhuku zanga zinadzaza khola. Ndinanenepa. Lily atabwera kudzationa anati, amayi mwabwerera utsikana, ndipo ine ndinamuuza kuti mankhwala ake ndi chitseko.

Tsono panali mwala umodzi umene onse ankaupatsa ulemu. Ankautcha Chipewa, chifukwa pamwamba pake panali mlomo wotulukira kunja ngati wa chipewa cha abusa. Wokwera ankayenera kufika pansi pa mlomowo, kuugwira ndi manja onse awiri, kulendewera miyendo ili m'malere, kenako n'kudzikoka mpaka pamwamba. Azungu owerengeka okha ndi amene anaukwerapo. A Manasseh anali atalimbana nawo zilimwe ziwiri. Ankabwera ngakhale Lachitatu akaweruka, kuvula tayi, kupinda malaya, n'kumagwa pamchenga mpaka dzuwa kulowa. Zala zawo zinali zong'ambikang'ambika, za munthu wa pa ofesi! Tsiku lina ndikuwapatsa madzi ndinawafunsa kuti kodi pamwambapo pali chiyani.

“Palibe, mayi,” anatero akuseka. “Koma pali ena amati mwala uwu si wa anthu ngati ise. Ndifuna ndikakhale pamwamba pake chabe, ndiwayang'ane.”

Mwezi wa Okutobala, mu 1967, kalabu inakonza zoti pa holide ya ufulu okwera a ku Ndola, ku Kitwe ndi matauni ena adzakumane Pamabwe. A Manasseh anatsimikiza mtima kuti tsiku limenelo adzakwera Chipewa onse akuona. Anayamba kubwera pafupifupi tsiku lililonse, ndipo amuna anga ankaima chapafupi atagwira chosalazira mchenga. Ine ndinkayesa akuchemerera. Ayi ndithu, iwo munthuyo sankamuona n'komwe. Maso awo anali pamlomo wa mwala.

Tsiku lina anabwera kunyumba nkhope itagwa, ali ndi mpini wa khasu m'manja.

“Mwatani, bambo a Lily?”

“Ndagogoda mlomo wa Chipewa. Ndi mtengo, si chitsulo, musandiyang'ane choncho.” Anakhala pansi. “Ukulira phu.”

Mawa lake amuna anga anawauza a Manasseh, ine ndili pomwepo ndikuanika zovala.

“Awe, bambo,” anatero a Manasseh modekha. “Azungu olemera thupi kuposa ine alendewera pamenepo zaka fifitini. Ulibe mng'alu, taonani nokha.”

“Mng'alu woopsa suoneka, umamveka. Khutu langa silinanamepo.”

“Ndikudziwa, ndipo ndimakulemekezani. Koma chonde musaugwire. Ulendo uno sindingathe kukutchinjirizani.”

Apa ndiyenera kuulula chimene ndinkadziwa ine. Khutu la amuna anga linali litatha. Makina obowolera miyala analidya pang'onopang'ono, ndipo iwo sanazindikire. Ndikafuna kuwauza kanthu ndinkayamba ndazungulira kuti andione pakamwa. Kutchalitchi akatchula nyimbo ndinkawatsegulira ndine buku, ndipo ankaimba motsalira, mokweza, anthu n'kumangoweramitsa mitu. Wailesi ankaikweza mpaka nkhuku kuthawa pakhomo, n'kumadandaula kuti mabatire a masiku ano ndi achabechabe. Lily, Anock, adzukulu, tonse tinangozolowera kulankhula mokweza, ndipo palibe amene anawauza. Ine ndinkati ndiwauze bwanji? Mphamvu zinapita, ntchito inapita, kwawo kulibe. Munthuyo anatsala ndi khutu lokhalo, ndipo ankayenda nalo ngati mendulo.

Lolemba, mawa lake kuli holide, anandidzutsa kusanatenthe. Anati ndiwaperekeze ku Chipewa. Tinayenda, udzu wouma ukutikanda m'miyendo, kumwamba kuli mbuu ndi utsi wa kumigodi. Atafika anakwera njira ya kuseri ija, n'kugwada pamwamba. Anamenya ndi mpini pakati pa mwala. Kenako anamenya pamlomo.

“Mwamva kusiyana kwake?”

Ndinamvetsera ndi mtima wanga wonse, Mulungu ndi mboni. Anamenyanso. Kulira kwake kunali kumodzimodzi.

“Ine ndikumva chimodzimodzi, bambo a Lily.”

“Inu si amgodi.”

“Ndiye mwandiitaniranji?”

Anatsika n'kuyamba kulowera kunyumba, ndipo ndinadziwa chimene akukatenga. Ndinawatsatira ndikulankhula. Ndinawakumbutsa lonjezo lawo. Ndinawakumbutsa za ku Kwacha, za mphasa, za kuima kuseri kwa chimbudzi mvula ikundinyowetsa. Ndinati mwamuna wanji wosamvera chisoni mkazi wake, wokonda kutamandidwa kuposa banja lake. Ndinawatchula mayina amene sindingawalembe pano.

Pakhomo la khitchini anatembenuka. “Mayi a Lily, mawa munthu uja alendewera pamenepo anthu onse akuona. Ukathyoka ugwera pachifuwa pake. Mukufuna ndisunge loko wa chitseko, ndikaike munthu m'manda? Munthu amene anatipatsa nyumbayo?”

Mawu anali pa lilime langa. Akanakwana atatu okha: simukumva bwino, bambo. Ndikanawauza kuti imani apo mutembenuke, ndilankhule, mundiuze chimene ndanena. Nkhani ikanathera pomwepo, ndipo nyumba yanga ikanakhalapo. Ndinawayang'ana, mdala woonda, mapewa atagwa, koma maso akuyaka ngati masiku aja ankapita ku shifiti ya m'mawa. Ndinameza mawuwo. Anthu amati ndinachita chifundo. Ine ndimati ndinachita mantha, ndipo mpaka lero ndimadzida nazo.

Anakwera pampando, anakankha matumba aja, n'kutsitsa mgwala. Ankadziwa malo ake chiyambire.

Anayamba seveni koloko. Ine ndinapita kudimba, chifukwa sindikanatha kuonerera, koma ndimabisala kuti? Kulira kwa chitsulo kunkamveka phiri lonse. Ngakhale ine, mkazi wa m'khitchini, ndinali nditamva kokwanira kuti mwala wakufa suvuta: ukaulowetsa mgwala kawiri katatu, umadzigwera wokha. Uwu unakana. Dzuwa linakwera, anyenje anayamba kulira m'mitengo, chitsulo chikulirabe. Ndinathirira bedi limodzi la mpiru katatu osazindikira. Mumtima ndinkati, tsopano aona okha, asiya. Koma munthu amene waphwanya kale lonjezo safuna kubwerera chimanjamanja. Anasema ngalande ndi nsonga ya mgwala, n'kumakhomerera, n'kumakanula, thukuta lili kamukamu.

Dzuwa litapendeka pang'ono ndinamva chiphokoso, nthaka n'kugwedezeka pansi pa mapazi anga. Kenako zii.

Ndinawapeza atagwada pamchenga pambali pa chibenthucho. Chinali chachikulu ngati chitseko. Ankasisita ndi dzanja pamene chinathyokera, uku ndi uku, ngati akufuna chinthu chimene chatayika. Mwala umene unali ndi mng'alu umadziwika mkati mwake: mumakhala moda, muli dothi, timizu, nyerere, mkwasa wa madzi. Umu munali moyera mbee, mouma, mchenga wake ukunyezimira padzuwa. Panalibe ngakhale kadontho kamodzi kakuda, kuyambira uku mpaka uko.

“Unali wamoyo,” anatero, osandiyang'ana. “Ukanakhala zaka handiredi.”

Ine nthawi yolira ndinalibe. Ndinalanda mgwala n'kuthamanga nawo kudimba, ndinaukwirira mumzere wa tomato. Ndinabwerera ndi tsache n'kusesa tizibenthu tonse, ndinasalaza mchenga, ndinapaka dothi pamene chitsulo chinakanda. Ndinawaimirira kutsogolo kuti andione pakamwa, ndipo ndinati: “Wagwa wokha ndi kutentha. Mwamva? Inu musatsegule pakamwa, ndilankhula ndine.” Anangondiyang'ana.

Cha m'ma folo koloko galimoto inafika. Anali a Manasseh ndi mkulu wa kalabu, mzungu wamtali wa imvi, atanyamula mbendera ndi matebulo a mawa. A Manasseh anatsika akuimba kamluzu. Atakhota pa mtengo wa msuku n'kuona Chipewa, kamluzuko kanaduka. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pansi pake, n'kuyang'ana m'mwamba. Pamene panali mlomo panali chilonda choyera, chosalala, chopanda pogwira. Anakweza dzanja ngati akufuna kugwira, n'kulitsitsanso.

Ndinagwada pamchenga. “Wagwa wokha, bambo. Kutenthaku. Tinangomva chiphokoso tili kunyumba.”

A Manasseh anawerama pa chibenthucho. Anapukuta ndi chala dothi limene ndinapaka, ndipo mikwasa ya chitsulo inaonekera poyera. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali ofiira. Mzungu uja anali ataima kumbuyo, manja ali m'chiuno, akudikira kuti amumasulire.

“Inde, mayi,” anatero a Manasseh potsiriza, chapansipansi. Anabwezera dothi lija ndi phazi. “Miyala imagwa. Ndiwauza choncho.”

Ndinatsala pang'ono kuwagwira miyendo. Munthu amene tamuphera chinthu chake chokondedwa ankatibwezera nyumba. Ndinacheuka kuti ndione amuna anga, koma panalibe. Ndinawaona akukwera kuchokera kudimba, mgwala uli paphewa, dothi likuyoyoka. Anadutsa pafupi nane osandiyang'ana, n'kukauika pamapazi a mzungu uja. Pamenepo panalibenso chofunika kumasulira.

“Muwauze zoona, a Njobvu,” anatero. “Ndagwetsa ndine. Ndipo muwauze kuti unali wolimba. Munanena, ine sindinamve.”

Mzunguyo anafiira mpaka m'khosi, koma sanakuwe. Analankhula mawu ochepa kwa a Manasseh n'kubwerera kugalimoto. A Manasseh anatsalira. Sanatinyoze, ndipo bwenzi zili bwino akanatinyoza. Anangoonetsa amuna anga chala chachikulu ndi chamkombaphala, atasiya kampata kakang'ono pakati.

“Dzulo ndinatsala apa chabe, bambo,” anatero. “Apa chabe.”

Tsiku la holide anthu anabwera ndithu. Ine ndinadzitsekera m'nyumba. Ndinkawamva akudutsa kupita ku Chipewa m'timagulu, n'kumabwerako mwakachetechete ngati ochokera kumanda. A Manasseh anatipemphera kukomiti kuti tikhale mpaka kutha kwa mwezi, ndipo ndicho chinthu chomaliza chimene komiti inawamvera. Chaka chisanathe anasiya ulembi.

Masiku otsalawo sitinalankhulane. Ndinkawaphikira, ndinkawaikira madzi osamba, koma mawu ayi. Ndinali nditakwiya kuti anagwetsa mwala, ndipo ndinali nditakwiya koposa kuti anakana bodza langa, bodza labwinobwino limene mwini wake anali atalilandira. Iwo ankadzuka m'mawa n'kumalambula mzere wa moto ngati palibe chachitika, mpaka tsiku lomaliza. Nkhuku ndinagawira akazi a pafamu, chifukwa ku Kwacha kunalibe poziika. Mvula yoyamba inagwa titamanga kale mitolo, ndipo mpiru wanga unadzuka bwino kwambiri, wodzadya ena.

Tinatseka chitseko, kiyi tinasiya kwa kapitawo wa pafamu, n'kuyenda mpaka kumsewu waukulu. Tinakhala pamitolo yathu kudikira basi ya ku Kitwe. Malole a kopa ankadutsa motsatizana, akutithira matope. Amuna anga ankayang'ana msewu. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana pakamwa, ndipo ndinaona kuti ulendo uno akudziwa chifukwa chake akutero.

“Mayi a Lily, mukamandiitana muli kudimba, mumaitana kangati?”

Ndinafuna kunama, koma mabodza anga anali atatha.

“Katatu. Nthawi zina kanayi.”

“Chiyambire liti?”

“Kalekale.”

“Liti?”

“Tikadali kumgodi. Zaka zitatu musanapume.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Milomo yawo inkayenda, ndipo ndinadziwa kuti akutchula mayina a anthu a pa shifiti yawo.

“Zaka zitatu,” anatero. “Anthu ankalowa pansi pa denga chifukwa ine ndanena kuti lili bwino. Ankasiya ana kunyumba n'kulowa.”

“Palibe amene anafa, bambo a Lily.”

“Palibe amene anafa. Ndiye kuti sindine ndinkawasunga.” Anandiyang'ananso pakamwa. “Ndipo inu munkadziwa. Munkandilongedzera chakudya m'mawa uliwonse, mukudziwa.”

“Ndinkadziwa.”

Basi inafika. Anandithandiza kukweza mitolo pamwamba, anandigwira mkono pokwera monga ankachitira nthawi zonse. Mpando wa anthu awiri unalipo pafupi ndi khomo, ndipo ndinakhala n'kuwasiyira malo. Iwo anapitirira n'kukakhala kutsogolo, pambali pa munthu wachilendo. Basi itanyamuka ndinawaitana kamodzi. Sanacheuke, ndipo kachiwiri sindinaitane.